Theka la Mayi Genoveva

Akulu a mpingo apempha kuti m'kalata ya parishi ya mwezi uno mulembedwe za moyo wa Mayi Genoveva a ku kapela ya ku Chidzolomondo, amene tinawaperekeza kumanda mvula yoyamba isanagwe. Ambiri akuwakumbuka ngati mayi woyambitsa nyimbo. Alipo ena, akudzidziwa okha, amene anawatafuna pakamwa zaka zingapo osadziwa chimene chinkachitika, ndipo amenewo awerenge nkhaniyi mpaka kumapeto.

Mayi Genoveva anabadwira kumapiri a Tsangano, m'banja la alimi a kachewere ndi nyemba. Bambo awo ndiwo ankamenya khasu lakutha lopachikidwa pamtengo poitanira anthu ku mapemphero, popeza ansembe ankafikako kamodzikamodzi. Tsiku lina ansembe atabwera, kamtsikanako kanakhala kutsogolo n'kuona mmene ananyemera mkate paguwa. Za ulaliki wa tsikulo sikanatolepo kanthu, koma kunyemako kanakusunga. Kuyambira pamenepo, ukakapatsa kachewere wowotcha kankayamba kayang'ana uku ndi uku kufuna womugawira. Akakauza kuti kadye kakhute, kankayankha kuti, "Mkate wa Ambuye sudyedwa wosanyema." Mawu amenewa anakula nawo, ndipo anakalamba nawo.

Nkhondo itakula, banja lawo linathawira ku Malawi monga anachitira ambiri a ife. Kumeneko, pamzere wolandirira ufa ndi nandolo, anadziwana ndi mtsikana wina wa ku Macanga, dzina lake Alda, amene anafika ndi mlongo wake Quintino, makolo awo atatsala m'njira. Pogawa mabulangete Alda anaphonya. Genoveva anangotenga mpeni n'kucheka lake pakati, ndipo chisanu chonsecho atsikana awiriwo anagona mapewa atafunda, mapazi ali pambalambanda. Pambuyo pake Genoveva anakwatiwa ndi Quintino, awiriwo n'kukhala pachilamu. Alda sankaiwala za bulangete lija. Ankakonda kunena uku akuseka kuti, "Alamu, bwenzi titangofunda lathunthu tonse awiri. Theka lija silinafunditse aliyense." Genoveva ankasekanso nawo, koma phunziro lake linawadutsa.

Mtendere utabwera anabwerera, osati ku Tsangano, koma kwawo kwa mwamuna ku Chidzolomondo, ali ndi mwana mmodzi kumsana, Célia. Anazula ziputu, analima chimanga ndi fodya, anasenza udzu wofolerera kapela yoyamba. Quintino atamwalira Célia ali wamng'ono, Mayi Genoveva anatsala pomwepo, pafupi ndi alamu awo. Ankasesa m'kapela Loweruka lililonse, ankazonda odwala a mumphakati, kagulu kathu ka akhristu oyandikana nyumba, ndipo pamaliro ndiwo ankayamba kufika, osadikira kuti amve kuti womwalirayo ndi wa mpingo uti. Mawu awo anali okwera ndi oyera. Akayambitsa nyimbo ya Mariya, ngakhale abambo aja amene amaimba ndi milomo yokha ankapezeka atsegula kukamwa.

Alda anakwatiwa ndi bambo Jordão, munthu wakhama, wosamwa, wosakonda mkangano. Patapita zaka bamboyu analowa mpingo wina umene sulola anthu ake kulawa mankhwala a kuchipatala, ndipo Alda anatsata mwamuna wake. Mpingowo sitiutchula dzina. Ndi abale athu, minda yathu ndi yogundizana malire. Kolona yake Alda anakasungitsa kwa alamu ake. Lamulungu amayi awiriwa ankapita kosiyana, koma m'mawa uliwonse ankakumana pachitsime.

Matenda anawafikira Mayi Genoveva mwakachetechete. Poyamba kunali kutopa chabe. Kenako anayamba kuvala juzi dzuwa lili phwee, nkhope inatupa, tsitsi linkatsalira m'chipeso, khosi linakula kutsogolo. Kumunda ankapezeka atakhala pamzera, khasu lili pamiyendo, akusinza. Chowawa koposa chinali mawu: anatsika, anasasa, moti akayambitsa nyimbo amayi a kwaya ankayang'anana kusowa pogwira. Apa ndi pamene pakamwa pa anthu panayabwa. Ena ankati ulesi waumasiye, ena ankati alawa kachasu. Iwo ankamva zonsezo, yankho lili m'mutu, koma lisanafike pakamwa wonenayo anali atapita kale. Anauza Célia nthawi ina kuti pemphero lawo la masiku amenewo linali lalifupi: "Ambuye, ine ndili m'katimu, koma khomo sindikuliona."

Célia, amene panthawiyi anali atakwatiwa ku Furancungo, anawatengera kuchipatala. Kumeneko anakumana ndi namwino wina, enfermeira Cristina, mayi wa maso akuthwa ndi mtima wofewa, amene anawagwira pakhosi, anawatenga magazi n'kuwatumiza ku Tete. Zotsatira zitabwera anawakhazika pansi.

"Mayi, si ulesi ndipo si kulodzedwa," anatero Cristina. "Pakhosi panupa pali chithokomiro, ife timati tiroide. Ntchito yake ndi kusonkhezera moto wa thupi, ndiye chanu chatopa. Comprimido uyu, kambulu ka mankhwala aka, ndi cinquenta, mlingo wa makumi asanu. Muzimwa mmodzi m'mawa, ndi madzi okha, musanalawe kanthu, moyo wanu wonse. Mlingo wake si wofanana kwa aliyense. Tizikuyezani magazi nthawi ndi nthawi. Akaonetsa kuti wachepa tiwonjezera, akaonetsa kuti wachuluka tichepetsa. Wochepa sukudzutsani, wochuluka umathamangitsa mtima. Mwamva?"

Anamva, ndipo anamvera. Patapita milungu ingapo nkhope inaphwa, juzi inabwerera m'sutikesi, ndipo pa Pasaka wa chaka chimenecho nyimbo ya kuuka kwa Ambuye anaiyambitsa iwo, pamalo pake penipeni. Ambiri tinalira tsiku limenelo, ojeda aja analira nawonso.

Chimwemwe chawo sichinakhalitse. Chaka chotsatira anayamba kuona pa Alda zonse zimene anaziona pa iwo eni: juzi padzuwa, nkhope yotupa, ndowa yotsikira pansi kawirikawiri panjira yaifupi. Kwa bambo Jordão kunali mapemphero ndi kusala kudya, koma Alda ankangotsikirabe. M'mawa wina pachitsime, anthu ena asanafike, Mayi Genoveva anamasula mfundo ya chitenje n'kuonetsa kambulu kawo ka mankhwala.

"Alamu, taonani apa. Mukuuona mzere uwu pakatipa?"

"Ndikuuona," anayankha Alda ndi mawu osasa.

"Amene anapanga mankhwalawa ankadziwa kuti tilipo awiri."

Anakathyola ndi chikhadabo. Alda anayang'ana thekalo nthawi yaitali, mantha ndi njala ya moyo zikulimbana pankhope pake. Kenako anagwira kolona imene inali m'khosi mwa alamu ake, kolona yake yomwe ija, n'kunena kuti, "Lumbirani pa iyi kuti simudzauza munthu. Akamva abambo a kunyumba, banja latha, ndipo pa msinkhu uno ndilibe kolowera." Mayi Genoveva analumbira. Onse awiri anameza ndi madzi a m'chikho chimodzi, ndipo kuyambira tsiku limenelo anatero m'mawa uliwonse.

Theka linachita zimene theka la bulangete linachita. Alda anadzukako pang'ono, Mayi Genoveva anatsikako pang'ono. Atapita kukayezetsa, Cristina anayang'ana zotsatira n'kupukusa mutu.

"Mayi, mumamwa tsiku lililonse?"

"Sindidumpha ngakhale limodzi."

"Musanadye?"

"Ndi madzi okha, monga munanenera."

"Ndiye cinquenta wakuchepera. Tikuikani pa cem, mlingo wowirikiza kawiri."

Mayi Genoveva sananame, koma chilungamo chawo chinali chatheka, ndipo anachidziwa. Anatuluka m'chipatalamo mankhwala akulu ali m'manja, mtima ukuwalemera. Paulendo wina wotsatira magazi anaonetsabe kuchepa, Cristina n'kuwonjezeranso kufika pa cem e cinquenta, kambulu kakakulu ndi kakang'ono. Mayi Genoveva ankathyola tonse tiwiri. Pamlingo umenewo magazi anakhazikika, namwino anakondwa, ndipo amayi awiri ankalima minda yawo ndi mankhwala olembedwa dzina la mmodzi.

Msampha unafwamphuka pamene bambo Jordão anaimirira pamaso pa mpingo wawo, mkazi wawo ali pambali, n'kuchitira umboni kuti Mulungu wamuchiritsa popanda dzanja la dokotala. Ananena ndi mtima woona, misozi ikutsika. Mbiri inamveka midzi yonse, odwala ena ankabwera kudzaona Alda. Kuchokera pamenepo kuulula sikukanangothetsa banja, kukanagwetsanso munthu wolungama pamaso pa anthu ake. Kuleka kugawa kunali kupha mlamu. Kupitiriza kunali kubwerera kwa Cristina chaka ndi chaka ndi yankho lomwe lija. Mayi Genoveva sankatha kuchoka pamudzi ngakhale masiku ochepa. Célia akawaitana kuti adzaone zidzukulu ankadzera shapa, minibasi ya m'mawa, n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo ku Tsangano, kumene kuli manda a makolo awo, sanapondekonso. Chikumbumtima chitawavuta, analeka kulandira Ukaristia. Ankayambitsa nyimbo ya mgonero, anthu n'kumapita kutsogolo, iwo atagwada pamalo pawo. Pakamwa paja panayabwanso: mayi ameneyu wabisa chiyani? Anapirira zimenezi zaka zambiri osadandaulira munthu.

Chaka chathachi, mvula ili pakati, anaterereka pamatope a pachitsime n'kuthyoka ntchafu. Anawanyamula mothamanga kupita ku Furancungo, mankhwala onse Célia atawakokolera m'thumba. Atatuluka m'chipatala anakagona kwa Célia, osatha kuponda pansi. Mvula inakokolola msewu wa ku Chidzolomondo, shapa zinaleka kuyenda.

Masiku oyamba ankathyolabe mobisa, kumeza theka, linalo n'kumanga pamfundo ya chitenje, ngakhale analibe womutuma. Célia pochapa anapeza timatheka tambirimbiri, ndipo anakhala pamphepete pa bedi manja ali m'masaya.

"Amama, nchiyani ichi? Mankhwala a moyo wanu mukuwasunga ngati mbewu? Não pode, sizingatheke, amama. Kapena mutu wayamba kusokonekera?"

Mayi Genoveva anayang'ana kukhoma. Kuyambira tsiku lotsatira Célia, mwa chikondi chake, ankaphwanya timibulu tonse tiwiri m'supuni ya madzi n'kuimirira pomwepo mpaka amayi ake atameza. Motero mlingo wa anthu awiri unayamba kulowa m'thupi la mayi mmodzi wokalamba. Patapita milungu manja anayamba kunjenjemera moti mikanda ya kolona inkawapulumuka. Thukuta linkangoyenderera kunja kukuzizira, tulo tinathawa, thupi linatha, ndipo mtima unkagunda mothamanga ndi modumphadumpha. Anawayeza malungo, sanapezeke. Iwo ankadziwa bwino chimene chinkawadya, pakuti mawu a Cristina a tsiku loyamba aja anali asanawaiwale. M'mawa uliwonse ankatsegula kukamwa kulandira supuni, akudziwa kuti theka la Alda likuwapha iwo, ndipo kusowa kwake kukupha Alda.

Msewu utayamba kuuma, munthu wina wa kumudzi anabwera ndi uthenga. Célia anawauza mosamala: "A tia Alda akuti sakudzuka. Atupa thupi lonse, amangogona, ukawayankhula amayankha mawa. Mpingo wawo ukusala kudya."

Tsiku limenelo Mayi Genoveva anakana chakudya. Anagona chagada, kolona ili pachifuwa, maso ali kudenga. Anali asanaswepo lonjezo chibadwire, ndipo ili analumbira pa chinthu choyera. Madzulo anaitana mwana wawo n'kunena kuti, "Tumiza mawu kwa bambo Jordão abwere. Ndinalumbira kuti mlamu wanga akhale ndi moyo. Ngati lumbirolo ndilo likumupha, ndiliswa, tchimo lake likhale pa ine."

Bambo Jordão anafika pa mota, njinga yamoto ya hayala, matope mpaka m'mawondo, n'kukhala pampando pafupi ndi khomo, chipewa chili pabondo. Mayi Genoveva anawauza zonse, kuyambira pa mzere wa pakambulu, Célia akumvera ataphimba pakamwa.

"Amake Célia," anatero bamboyo, "ine ndinaima pamaso pa mpingo. Anthu anabwera kuchokera kutali chifukwa cha mawu anga. Mukundiuza kuti ndinanama m'nyumba ya Mulungu?"

"Simunaname, bambo. Mulungu anamuchiritsadi, kungoti anadzera pachitsime. Wobisa ndine. Koma theka lija latha, ndipo ine pano sindingadzuke. Mukazengereza, umboni wina mukauchitira pamanda."

Bambo Jordão anavala chipewa n'kutuluka osatsazika.

Célia anathamangira kwa Cristina, amene anabwera kunyumbako, anagwira mkono wa wodwalayo n'kumvetsera mtima wake. Atamva nkhani yonse anakhala pansi.

"Ndiye zaka zonsezi ndimayeza munthu mmodzi ndikudyetsa awiri," anatero. "Mayi, mzere uja si wa anthu awiri. Ndi wathu ife, tikafuna kuchepetsa mlingo wa munthu mmodzi yemweyo. Mukanandiuza, tikanafuna njira limodzi."

"Ndikhululukireni, mwana wanga. Ndinkakuyankhani ndi theka la pakamwa."

Cristina anaimitsa mankhwalawo masiku angapo, anawatenganso magazi, kenako anawayambitsa pa mlingo wochepa. Kunjenjemera kunayamba kuchepa, koma Mayi Genoveva sankafunsa za thupi lawo. Khutu lawo linali kumsewu. Mota iliyonse ikamveka ankadzutsa mutu, ikapitirira ankaubweza pa pilo. Tsiku linadutsa, lina linadutsanso. Anayamba kuopa kuti aswa lumbiro pachabe, kuti angomuchotsera Alda banja pamodzi ndi moyo. Masiku amenewo anali owawa kuposa kuthyoka kwa fupa, ndipo analira osabisa.

Kenako masana ena mota inaima pakhomo. Kumbuyo kwa woyendetsa kunali Alda, mutu uli lende, womangiriridwa ndi chitenje pachifuwa cha mwamuna wake amene anamufungatira njira yonse. Bambo Jordão sanatsike. Anangoitana Célia n'kunena kuti, "Tatilondolera kwa enfermeira uja. Ine khomo lake sindilidziwa."

Alda anagonekedwa m'chipatala, anayezedwa magazi ake, anapatsidwa mankhwala olembedwa dzina lake, ndipo mlingo wake anaukweza pang'onopang'ono mpaka unamukwana. Bambo Jordão analipira mtengo wa chisankho chawocho. Atabwerera anaimiriranso pamalo pomwe paja n'kunena zoona zonse, ndipo mpingo wawo unawachotsa pampando wa akulu umene ankakhalapo. Sitinawamvepo akudandaula, ndipo mkazi wawo sanamusiye.

Mlingo wa Mayi Genoveva unakhazikika nawonso, koma mtima umene unathamanga milungu yonse ija sunabwererenso mwakale. Anapempha ansembe, analapa, ndipo analandira Ukaristia koyamba patapita zaka zonsezo. Célia akuti atameza anangoti, "Khomo lija ndaliona." Chisanu chitatha anapempha kubwerera ku Chidzolomondo. Pachitsime sakanathanso kufikapo, choncho Alda ndiye ankabwera m'mawa uliwonse ndi madzi, awiriwo n'kukhala pakhonde, aliyense kumeza mankhwala ake athunthu ndi chikho chimodzi. Chizolowezi sichifa msanga: pambuyo pake ankadikira nthawi imene namwino analamula, kenako n'kunyemerana mbatata.

M'mawa wina wa mwezi wotentha Alda anawapeza atakhala kale pakhonde, atavala chitenje cha mpingo. Anamwa mankhwala awo, Mayi Genoveva n'kuyamba nyimbo ya Mariya motsitsa. Alda, amene anali asanaiimbe zaka zambiri, anailandira. Pofika ndime yachiwiri anazindikira kuti akuimba yekha. Mayi Genoveva anali atatsamira phewa lake, kolona ili m'manja, nkhope ili phee. Pamaliro awo panadzaza mipingo iwiri, ndipo amene anayamba kukumba manda anali bambo Jordão.

Tisamvane molakwa, abale. Kalatayi sikuuza munthu kuti azithyolera mnzake mankhwala. Mayi Genoveva eni ake ankati pamenepo analakwitsa, ndipo analipira ndi mtima wawo. Wodwala sitimugawira theka, timamunyamula yense kupita naye kumene angayezedwe. Chimene atisiyira ndi mtima umene sunkatha kumeza moyo uli wokha mnzawo akufa, ndi kulimba kumene anasankha nako manyazi a kuswa lumbiro kuti mlamu wawo apulumuke.

Alda adakalipo, ndipo amalima. Amene amalawirira pachitsime amamupeza atakhala pamwala, chikho chili pambali, akuyang'ana kambulu kali m'dzanja lake. Mayi wina wa mumphakati atamufunsa chimene amayang'ana nthawi yonseyo, anayankha kuti, "Mzere uja ndimauonabe, koma alamu anandiletsa kuthyola. Ndiye ndimameza konse, theka langa ndi theka lawo."

Ambuye, apatseni mtumiki wanu Genoveva mpumulo wathunthu.